Madzi Oyamba a Kalongonda

Sabata yatha tinamanga chiliza pa manda a amalume anga, a Fabiyano Mukhwapa, ndipo tinakangana simenti isanaume n'komwe. Ana awo, amene anabwera kuchokera ku Blantyre, ankafuna kuti pamwalapo palembedwe kuti "Olemekezeka", popeza bambo awo anakhalapo phungu wa nyumba ya malamulo. Amayi anga, omwe ndi mlongo wawo wamkulu wa malemuwo, anali khale pa mkeka miyendo ili tambalale. Anati, "Lembani dzina limene ndinkamuitanira pomupatsa chakudya. Enawo ndi maina a ku Lilongwe, akalembedwe komweko." Pamwalapo palembedwa Fabiyano Mukhwapa basi, ndi kamtanda pamwamba.

A chipani sanabwere ngakhale mmodzi. Sindinadabwe, komabe zinandiwawa, chifukwa ndikukumbuka masiku amene pabwalo pathu pankasowa poponda, anthu atavala nsalu za mtundu umodzi akuimba dzina la munthu yemweyu. Lero kuyambira ku Nkhulambe mpaka kwa Kaduya, mukafunsa za a Mukhwapa anthu amayamba akanda kumutu. Koma nenani kuti a Kalongonda, muona nkhope zikumasuka, wina aseka, wina apukusa mutu.

Zaka zawo zomaliza amalume ankakhala m'kanyumba ka zidina moyang'anizana ndi khitchini ya amayi, pabwalo limodzi. Sankafunanso galimoto, sankafunanso kuomberedwa m'manja. Chimene ankalakalaka chinali mbale imodzi ya kalongonda wophika mlongo wawo, koma mlongo wawoyo anali atavundikira mphika wake pa tsanja ndipo sankafuna kuukhudza. Ine ndinali pakati, wonyamula ndiwo zina kuchoka khomo ili kupita khomo ilo, ndipo ndinkawakwiyira onse awiri.

Kwa inu amene simunakulire kuno, kalongonda ndi nyemba zikuluzikulu zimene ife Alomwe timabzala m'mipanda ndi m'mphepete mwa minda. Kukoma kwake nyama ichepa, ndikunena ine, koma ali ndi ululu. Ukamuwiritsa kamodzi n'kudya, mutu umazungulira, umasanza mpaka ndulu, ndipo alipo amene anapita naye kumanda. Ndiye umawiritsa, madzi amada bii, umataya. Umasenda makoko, kuthira madzi ena, kuwiritsanso, kutayanso, choncho kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka, kufikira madzi atayera. Munthu waphuma saphika kalongonda.

Amalume analeredwa ndi mphika umenewu. Agogo anamwalira iwo ali kamwana kosavala, ndiye amayi, ali namwali chabe, ndi amene anatsala nako kamwanako. Ankaphika kalongonda, kusenza beseni mpaka ku msika wa Nkhulambe, kubwerako madzulo mapazi atang'ambika. Ndi mmene amalume anaphunzirira sukulu mpaka kukhala mphunzitsi. Iwo sankabisa. Ngakhale atakhala bwana, m'thumba la malaya awo, pakati pa zolembera, munkakhala kamtengo ka nsungwi kosongola bwino. Ankati supuni ndi ya phala, kalongonda amadya chobaya. Wa kumsika sankagula, ati manja ena sadziwa kudikira. Akati abwera kumudzi ankatumiza uthenga kudakali masiku, kuti amayi atereke mphika.

Anali ndi khalidwe lina limene linkatopetsa anthu. Ukawafunsa nkhani yolemera sankayankha tsiku lomwelo, ankangoti ataye kaye madzi oyamba. Bambo wa ana anga atabwera kudzafunsira mbeta, amalume, monga mwini mbumba, anamumvetsera bwinobwino, kumufunsa za kwawo, za minda, za tchalitchi, kenako n'kumuuza kuti abwerenso. Atabweranso anamuuza kuti madzi adakali akuda. Munthu wa Mulungu uja anatsala pang'ono kundisiya. Ndinalira, ndinawanena amalume kuti ndi ankhanza, iwo ali phee, akusongola kamtengo kawo ndi lezala.

Mphepo ya zipani zambiri itafika, anali mphunzitsi wamkulu pa pulayimale ina m'munsi mwa phiri. Anthu ambiri nkhani zimenezo ankangonong'onezana kumunda. Iwo anamangirira nyali pa handulo ya njinga, masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumazungulira nayo m'midzi, popeza nyali ndiyo inali chizindikiro cha ofuna kusintha pa riferendamu. Amayi ankati m'bale wawo wapenga. Ankatukwana, uku akumulongedzera bulangete ndi sopo m'kathumba, kukonzekera tsiku limene apolisi adzabwere kudzamutenga. Sanabwere. Chisankho cha 1994 chitafika anthu anawaimika amalume, ndipo anapambana.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo, chifukwa akanakhala moyo akanandiseka. Ankakonda kutchedwa olemekezeka, ndipo ukaiwala ankatsokomola. Akayamba kulankhula pa maliro, adzukulu ankakhala pansi n'kuyamba kusenda nzimbe, podziwa kuti manda adikira. Tchopa ankavina ngati munthu woponda dothi la njerwa, koma sankalola kuti ng'oma ilire iwo ali pampando. Atapambananso kachiwiri anayamba kamimba, maulendo akumudzi n'kuchepa, ndipo amayi ankawagwira lamba pamaso pa anthu n'kufunsa kuti mimba imeneyi ikudyera anthu angati. Komabe galimoto yawo, kabokosi kakale koyera, inali ambulansi ya dera lonse. Inanyamula amayi apakati, inanyamula maliro, inanyamula mbuzi za ukwati, moti akazi awo anasiya kuikwera chifukwa cha fungo. Tsiku lina anyamata a chipani anayamba kuimba nyimbo yotukwana mayi a munthu amene ankapikisana naye. Amalume anatsika pa nsanja, kuwalanda ng'oma, kuitsekera m'galimoto, ndipo msonkhano unatha opanda nyimbo.

Koma chimene chinawapatsa dzina ndi nkhani ya Seneti. Malamulo atsopano oyendetsera dziko ankanena kuti nyumba za malamulo zidzakhala ziwiri. Yoyamba ya aphungu, yachiwiri yotchedwa Seneti, mmene mudzakhale mafumu ndi anthu oimira amayi, alimi, olumala, a mipingo ndi ena otero, kuti lamulo likachoka kwa aphungu lizikaunikidwanso. Nyumba yachiwiriyo inali isanatsegulidwe, ankati idikire kaye. Kumudzi anthu sankamvetsa. Pa msonkhano wina pabwalo la sukulu, bambo wina wogulitsa makasu anaimirira n'kufunsa kuti nyumba ziwiri n'zachiyani, kodi boma layamba mitala? Anthu anafa nalo phwete.

Amalume anadikira kuti phokoso lithe. Anasolola kamtengo kawo m'thumba n'kukakweza m'mwamba.

"Amayi muli apa, ndani mwa inu amadyetsa ana ake kalongonda wa madzi oyamba?"

Amayi onse anayankha pamodzi kuti palibe.

"Ifetu aphungu ndife moto woyamba. Timawiritsa mothamanga, aliyense akukuwa, aliyense akufuna aoneke. Lamulo likamachoka m'manja mwathu limakhala lidakali ndi ululu. Pafunika ena, ofatsa, osasaka mavoti, akataye madzi amenewo n'kuterekanso. Seneti ndi imeneyo."

Bambo wa makasu uja anavula chipewa n'kukhala pansi. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Mukhwapa linatha, anasanduka a Kalongonda, ndipo fanizo limenelo analinena paliponse pamene panali anthu oposa atatu, mpaka ife apabanja tinkalimaliza tokha iwo asanafike pakati.

Amayi nawo sanali munthu wamba. Chiyambire chaka cha napolo, pamene madzi anatsika m'phiri ndi miyala n'kukwirira minda ndi anthu omwe, iwo ndi amene anasonkhanitsa amayi amasiye m'kalabu. Ankagawana mbewu ya nandolo ndi mitengo ya chinangwa, n'kumagubuduza miyala m'minda ndi manja, lero kwa uyu, mawa kwa uyo. Ndiye Phalombe atapatuka ku Mulanje n'kukhala boma palokha, amalume anafika pakhomo ali wefuwefu, osakhala n'komwe pansi.

"Achemwali, m'nyumba ija muli mipando ya amayi ndi ya alimi. Dzina lanu ndikalipereka ndine."

"Iwe Fabiyano usandiseweretse. Ine wosatha kulemba ngakhale dzina langa?"

"Olemba ndife, tadzaza kale nyumba yoyamba. Uko akufuna odziwa kutaya madzi."

Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kuwauza kuti asiye bodza adye. Koma sabata yotsatira ndinawaona akupita ku sukulu ya kwacha, atapanira kope kukhwapa ngati akubisa nkhuku yakuba. Anagula nsapato zakuda, zoyamba m'moyo mwawo, n'kuzisunga m'pepala la pulasitiki pansi pa bedi. Tsiku lina ndinawapeza kumunda akulankhula ndi mitengo ya nandolo. Ankati, "Bambo wapampando, ine ndachokera kumene miyala inadya minda." Atandiona anakhala ngati akuthamangitsa mbalame. Zimene ankafuna kukanena zinali ziwiri zokha: kuti anthu okhala m'njira ya napolo apatsidwe malo ena, ndiponso kuti pa mtsinje wathu pamangidwe mlatho, amayi apakati asamaoloke pa mitengo m'dzinja. Mawu amenewo anawaphika zaka, kuchotsa apa, kuonjeza apo.

Kumayambiriro kwa 2001, mvula ili pakati, wailesi inalengeza kuti aphungu agwirizana zochotsa Seneti m'malamulo, ati dziko silingakwanitse kuyendetsa nyumba ziwiri. Amayi anali akusadzula nkhwani pakhonde. Manja anaima pang'ono, kenako anapitiriza. Anati, "Enawo avomera, koma Fabiyano wakana ameneyo." Anakanenanso kumjigo, anakanenanso ku kalabu, anakanenanso potuluka m'tchalitchi kwa aliyense amene anawayang'ana mwachifundo. Ankati m'bale wawo wagonja chifukwa anali yekha, koma sanagwade.

Amalume anatumiza uthenga kuti afika Loweruka madzulo. M'mamawa wa tsikulo amayi anatereka mphika monga mwa nthawi zonse. Koma galimoto inalowa pabwalo dzuwa lisanafike n'komwe pamutu, kalongonda atangobwadamuka koyamba, madzi ali bii. Ndikuganiza kuti anafulumira dala, kuti anene zonena zawo n'kubwerera msanga. Anatsika ndi kathumba ka shuga, anapereka moni wa Chilomwe, moseliwa, chinthu chimene ankachita akafuna kufewetsa mtima wa amayi. Ndinawaikira mpando wandalema pakhomo la khitchini. Amayi anali chiweramire pamoto, chipande chili m'manja.

"Dzina lako ataitana m'nyumba ya malamulo muja, unati chiyani?"

Amalume anayamba za zipatala zopanda mankhwala. Ananena za akuluakulu a chipani amene ankaitanira aphungu m'chipinda mmodzimmodzi. Ananena kuti anawalonjeza mlatho wathu uja ngati sapanga makani, ndipo kuti ngakhale akanakana, mawu awo okha sakanasintha kanthu.

"Sindinafunse zimenezo. Unati chiyani?"

"Ndinavomera, achemwali."

Amayi sanakuwe. Anatenga mbale, anatunga kalongonda mumphika momwe analili, wosasenda, ndi madzi ake akudawo, n'kuika mbaleyo pansi patsogolo pa m'bale wawo.

"Idya. Mwagwirizana kuti mphika umodzi ukwana."

Ine ndinkayesa kuti aseka mwamanyazi, apepesa, mwina alira. Amalume anayang'ana mbale ija kanthawi. Kenako anapisa m'thumba la malaya, anasolola kamtengo kaja, anabaya nyemba imodzi n'kuika m'kamwa. Anabayanso ina. Dalaivala wawo, bambo wachikulire wa ku Ntcheu amene sankamudziwa kalongonda, anasendera n'kutambasula dzanja kuti alaweko, ndipo amalume analimenya dzanjalo mwamphamvu. Ankadziwa bwino lomwe chimene ankadya.

Amayi anaima chilili, manja atapinda pachifuwa. Ankadikira kuti m'bale wawo asiye. M'bale wawo ankadikira kuti amuuze kuti asiye. Anthu awiri a mimba imodzi, ouma mutu mofanana, ndipo mbale inkatsika. Ine ndinali nditagwira mtsuko, ndikungoti amayi, amayi. Itafika pakati, amayi anaimenya mbaleyo ndi chipande, inakagwera uko, nyemba mbwee pabwalo, n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku kuti zisatole.

Sipanatenge nthawi. Amalume anaimirira kuti apite kuseri kwa nkhokwe, anadzandira, anagwira mzati. Anasanza mpaka kugwada m'matope ndi suti yawo, maso ali tuzu, akulankhula zosamveka. Tinawanyamula ine ndi dalaivala n'kuwagoneka kumbuyo kwa galimoto yomwe ija inanyamula odwala a dera lonse. Amayi sanakwere. Nditabwerako ku chipatala mawa lake ndinapeza kalongonda yense atamukwirira kudzala, mphika atautsuka n'kuuvundikira pa tsanja. Nsapato zija anali atapatsa mayi wina wa ku kalabu amene mwana wake ankakwatiwa. Ku sukulu ya kwacha sanapitenso, ngakhale dzina lawo anali atadziwa kale kulemba.

Amalume anachira. Mphekesera zinayenda kuti a Kalongonda awathira mankhwala kwawo komwe, koma iwo ankauza aliyense kuti anadya kanyenya woipa panjira. Mpaka imfa yawo sanalole kuti munthu atchule dzina la amayi pa nkhani imeneyo. Patapita zaka ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti anadyeranji, poti akanatha kungokankha mbale. Anati ataye kaye madzi oyamba. Ndinapsa mtima n'kuchokapo. Mawa lake ndikusesa pakhomo pawo anandiitana, nati, "Elube, ku Lilongwe ndinameza zoposa zija, ndipo sindinasanze." Kenako anandipempha madzi osamba.

Za ndale zinatha mmene zimathera. Anawapatsa udindo wa wachiwiri kwa nduna, ndipo sanathe nawo chaka. Anamvera pa wailesi ya m'galimoto kuti awachotsa, ali pa ulendo wokatsegulira msonkhano, moti anangouza dalaivala kuti atembenuke. Mlatho uja mpaka lero tikuoloka pa mitengo. Pa chipulula cha chisankho chotsatira anyamata ankati akaimirira kuti alankhule, n'kumakuwa kumbuyo kuti madzi oyamba, madzi oyamba, ndipo anthu amene anafola kumbuyo kwawo ndikanatha kuwadyetsa ndi nkhuku imodzi. Fanizo lawo lomwe ndi limene linawakwapula. Sanalinenenso pagulu.

Kenako akazi awo anamwalira. Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndiye atawasudzula anayenera kubwerera ku mbumba yawo. Ana anawaitanira ku Blantyre, anakana. Anafika pakhomo pathu ndi sutikesi, wailesi ndi njinga yakale ija. Ndinkaopa kuti amayi awabweza. Amayi anangoloza ndi mlomo malo a patsogolo pa khitchini, nati amange pamenepo kuti chakudya chisamazizire panjira. Chibale n'fupa, sichiola. Ankapatsana moni m'mawa uliwonse, ankakambirana za mvula, za anankafumbwe, za maliro a m'mudzi. Amayi ankawaphikira nandolo, makata, chinangwa chofutsa, thelere la denje, chilichonse. Za kalongonda panalibe wotchula.

Amalume sanapemphe ndi pakamwa, ndipo ndikanakonda akanatero. Mvula yoyamba itagwa anabzala kalongonda m'mphepete mwa mpanda wa pakati pa nyumba ziwirizo. Ankamuyangitsa okha, kumanga timitengo, kuthamangitsa mbuzi ndi ndodo. Atauma anathyola, anamenya, anapeta okha pa lichero, mwamuna wamkulu amene anakhalapo m'nyumba ya malamulo, mankhusu ali mbuu kumutu. Kenako ananyamula dengu n'kukaliika pakhomo la khitchini ya amayi, n'kubwerera kukakhala pampando wawo ngati sakuona. Amayi anatuluka, analiyang'ana dengulo, anakhuthulira m'thumba n'kukweza pa tsanja pafupi ndi mphika uja. Chaka chotsatira chimodzimodzi. Matumba anachuluka pa tsanjapo, akale atada ndi utsi.

Ine ndinayesapo kuwaphikira. Ndinataya tsiku lonse, nkhuni mtolo wathunthu. Anabaya ziwiri, anati, "Wayesetsa, mwana wa achemwali," n'kukankhira mbale kwa ana anga. Ndinapita kwa amayi nditakwiya.

"Amayi, munthu uja wakalamba. Mudzamukhululukira liti?"

"Ndinamumana chakudya ine?"

"Mukudziwa chimene ndikunena."

Anasonkhezera moto. Kenako anati, "Za Seneti ndinaiwala kale, mwana iwe. Kodi ndikanakanena chiyani ine kumeneko choti amve? Koma ndikangougwira mphika uja ndimamuona akubaya, akudya, ine nditaima. Ndinamulera ndi dzanja lomweli." Zaka zonsezo ndinkayesa kuti ndi mkwiyo wokha.

Matenda anawagwira amalume nthawi yokolola nandolo. Anagwa pakhonde, mbali imodzi inafa, ndipo ku chipatala anatiuza kuti tikawasamalire kunyumba. Ankalankhula movutikira. Tsiku lina madzulo ndikuwamwetsa phala, amayi atakhala pakhomo, anandifunsa ngati kalongonda wa kumpanda wauma, kuti mbuzi zingamudye. Ndinati wauma, ndithyola ine. Anati, "Ukaike pakhomo paja." Amayi ananyamuka n'kupita kukhitchini kwawo.

M'mamawa ndinamva kugogoda pa tsanja. Ndinapeza amayi atatsitsa mphika uja, akuutsuka ndi mchenga, thumba la chaka chatha lili pambali. Anatereka. Amalume usiku umenewo anali atafooka kwambiri, kupuma kwake kokoka, ndipo ndinapita kukhitchini kukawauza amayi kuti achite changu.

"Changu chake chiti? Ukufuna ndimupatsenso wa madzi akuda?"

Ndinabwerera kukakhala pambali pa amalume. Dzuwa litakwera tinamva khwaa kuseri kwa khitchini. Amalume anatsegula maso.

"N'chiyani chimenecho?"

"Amayi akutaya madzi."

"A chiyani?"

"A kalongonda, amalume. Oyamba."

Mbali ya nkhope imene inali yamoyo inamwetulira. Anayesa kukweza dzanja kuloza malaya amene anali pa msomali, ndipo ndinamva. Ndinasolola kamtengo kaja n'kuwafumbatitsa. Anati, "Usawafulumize." Fungo linayamba kulowa m'nyumba, ndipo nthawi iliyonse madzi akakhuthulidwa kuseri zala zawo zinkagwedezeka pa kamtengoko. Ndinathamanga kangapo pakati pa makomo awiriwo. Amayi anali thukuta kamukamu, akusenda makoko ndi zala zopsa, osadzutsa mutu, akungofunsa kuti ali bwanji. Madzi anali atayamba kuyera, koma anali asanayere.

Amalume anatisiya dzuwa litapendeka, mphika udakali pamoto. Azakhali ena amene anali nafe anayamba kubuma, anthu anayamba kulowa pabwalo. Ndinapita kukhitchini. Amayi anali atamva kale, misozi ikugwera m'phulusa, koma sananyamuke. Anati kwatsala madzi amodzi. Amayi a m'mudzi anabwera kudzawagwira kuti akalowe m'nyumba ya siwa, koma amayi anga anawakankha. Anataya madzi omaliza, anathira mchere ndi tsabola, analawa okha, anadikira pang'ono monga ankachitira nthawi zonse asanapatse mwana. Kenako anapakula mu mbale, anadutsa pabwalo pakati pa anthu, anagwada pambali pa mphasa n'kuika mbaleyo pafupi ndi dzanja limene linali ndi kamtengo.

"Fabiyano, wapsa."

Sindinamvepo amayi akulira mmene analirira atanena mawu amenewo. Kalongonda yense wa mumphika anadya adzukulu mawa lake pobwera kokumba manda, ndipo mpaka lero amanena kuti sanadyepo wokoma choncho. Ine sindinalawe.

Tsopano chiliza tamanga, alendo abwerera kwawo, pabwalo pangoti zii. Kanyumba kaja sitinagwetse, amayi anakana. Mpando wandalema udakali pakhonde, nsalu yake inang'ambika pakati, ndipo nkhuku zimaikira mazira pansi pake. Kamtengo kaja amayi anakasomeka mu udzu wa denga pamwamba pa chitseko, pamene dzanja la mwana silingafike. Mphika unabwerera pa tsanja. Kumpanda kalongonda amamera yekha chaka ndi chaka kuchokera ku nyemba zogwa, wayanga mpaka pa zenera la amalume, ndipo palibe amamuthyola. Dzuwa likatentha masana makoko ake amathetheka okha, ndipo amayi, atakhala pakhomo la khitchini, amatembenuka kuyang'ana pansi pamene pankafikira dengu.